Tameriki watontholetsa maselo mu labu, koma bondo la azakhali si mbale ya mu labu

Masiku ano mawu akuti "kafukufuku wasonyeza" asanduka mchere wa malonda. Wogulitsa makapusozi a tameriki m'basi amayambira pa mawu amenewa, wolengeza pa wayilesi amamalizira pomwepo, ndipo m'magulu a WhatsApp mukuzungulira zithunzi za mapepala a asayansi onena kuti curcumin, chinthu chachikasu chimene chili mu tameriki, amachepetsa kutupa m'maselo a chitetezo cha m'thupi. Azakhali anga, amene bondo lawazunza zaka zambiri, anagula mabotolo awiri n'kukankhira pambali mankhwala a kuchipatala. Nditawafunsa anandiyankha kuti, "Mwanawe, izi si za asing'anga ayi, ayeza ndi anthu a ku yunivesite." Pamenepa ndi pamene pagona mkangano. Ena akuti malonda otere aletsedwe, ena akuti tisiye anthu adzithandize ndi zomera poti sayansi yeniyeniyo yavomereza. Ine mbali yanga ndi iyi: mapepala aja sakunama, koma akunena za maselo a m'mbale, osati za munthu. Aliyense wogulitsa botolo n'kumalonjeza kuti lichiritsa nyamakazi, shuga kapena khansa chifukwa cha zimene zinachitika m'mbale ya mu labu akugulitsa chinthu chimene alibe, ndipo sayenera kuloledwa kulonjeza zotero kufikira ataonetsa umboni wochokera pa anthu.

Tiyambe ndi kuona chimene asayansiwo amachita, chifukwa n'chosangalatsa ndithu. Pakati pa asilikali a m'thupi pali gulu lina lotchedwa macrophage, dzina lachigiriki lotanthauza wakudya kwambiri. Wasayansi Élie Metchnikoff ndi amene anazindikira ntchito ya maselo odya adani mu 1882 ali ku Messina: anabaya ndi minga tiana ta nyama ya m'nyanja yooneka ngati nyenyezi, ndipo m'mawa mwake anapeza timaselo tambiri titaunjikana kuzungulira mingazo. Msilikali ameneyu akakumana ndi kachilombo amachimeza, kenako amaliza mfuu yoitana anzake potulutsa timadzi monga TNF ndi IL-6. Mfuu imeneyi ndi imene imachititsa kuti pamalo patupe, patenthe, papweteke. Mu labu amatenga maselo a mtundu womwewu, kawirikawiri ochokera ku mbewa otchedwa RAW 264.7, amawaika m'timbale, n'kuwaputa ndi kachidutswa ka khungu la bakiteriya kotchedwa LPS. Maselo aja amakwiya, amakuwa. Akathirapo curcumin, kukuwako kumachepa, chifukwa amatsekereza kiyi wa mkati mwa selo wotchedwa NF-kB amene amayatsa zonsezi. Zimenezi zinalembedwa kuyambira mu 1995 ndipo malabu ambiri azibwereza. Sindikutsutsa ngakhale pang'ono.

Vuto limayamba tikafunsa kuti curcumin yemweyo akafika bwanji ku bondo. M'mbale, wasayansi amathira mankhwala pamutu penipeni pa selo, ndipo amakhala pomwepo maola ambiri. M'thupi mwa munthu njira ndi yaitali. Poyamba, mu ufa wa tameriki curcumin alimo wochepa, pafupifupi magalamu 3 pa magalamu 100 aliwonse. Kenako sasungunuka bwino m'madzi, matumbo salowetsa wambiri, ndipo wochepa amene walowayo chiwindi chimamusintha msanga n'kumutaya. Mu 2006 ofufuza a ku University of Michigan anamwetsa anthu athanzi 24 milingo yosiyanasiyana, kuyambira theka la galamu mpaka magalamu 12 nthawi imodzi. Anamupeza m'magazi a anthu awiri okha, amene anamwa magalamu 10 ndi 12, ndipo anali wochepetsetsa. Kuti munthu apeze magalamu 12 kuchokera mu ufa wa kumsika angafunike kubwira ufa wokwana pafupifupi magalamu 400. Zili ngati munthu waona kuti mbande ya m'chitini yakondwa atathira kasupuni ka feteleza, ndiye akatenge kasupuni komweko n'kukathira mu Shire pa Liwonde poyembekeza kuti chimanga cha ku Chikwawa chibiriwira.

Pali chinanso chimene ogulitsa satchula. Akatswiri opanga mankhwala amamudziwa curcumin ngati mboni yovuta kuikhulupirira. Amaphwasuka msanga m'madzi, amamatirira ku zinthu zambiri mosasankha, ndipo mtundu wake wowala umatha kusokoneza makina amene amayeza zotsatira pogwiritsa ntchito kuwala. Ndiye n'chifukwa chake amaoneka ngati akugwira ntchito pa matenda alionse amene mwamuyesa, monga mwana wa sukulu amene amakweza dzanja pa funso lililonse. Mu 2017 gulu la asayansi lotsogozedwa ndi a ku University of Minnesota linaunika zolembedwa za curcumin, ndipo linalemba m'magazini ya sayansi ya Journal of Medicinal Chemistry kuti ngakhale panachitika mayeso a pa anthu oposa 120, panalibe umboni wolimba woti curcumin ndi mankhwala a matenda enaake. Kuwonjezera apo, mmodzi mwa anthu amene anamutchukitsa kwambiri, Bharat Aggarwal amene anali ku MD Anderson Cancer Center ku Houston, mapepala ake oposa 20 anachotsedwa m'magazini a sayansi, makamaka chifukwa cha zithunzi zokayikitsa. Izi sizikutanthauza kuti onse ofufuza curcumin ndi achinyengo, koma zikutiuza kuti mulu wa mapepala si muyeso wa choonadi.

Tsono amene sagwirizana nane amayamba ndi mfundo yamphamvu. Amati: kodi mankhwala a kuchipatala amene mumawatamawo sanachokere ku zomera? Asipirini anachokera ku khungwa la mtengo, kwinini chimodzimodzi, ndipo LA amene timamwa malungo akatigwira anachokera ku chitsamba cha ku China. Zonsezi n'zoona, ndipo ndikuziona ngati umboni wa mbali yanga. Taonani kutalika kwa ulendo wake. Edward Stone analembera bungwe la asayansi la ku England la Royal Society za khungwa la mtengo wa willow mu 1763, asipirini anapangidwa ku kampani ya Bayer mu 1897, ndipo John Vane anafotokoza m'mene amachepetsera kutupa mu 1971. Kumbali ya malungo, gulu la wasayansi wa ku China Tu Youyou linafufuza njira zamakolo zoposa 2,000 n'kuyesa madzi a zomera mazanamazana lisanapeze chimodzi chogwira ntchito, ndipo kuchokera pamenepo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, panadutsa zaka zoposa 30 kuti LA akhale mankhwala oyamba a malungo m'zipatala za Malawi mu 2007. Tikamatchula chomera chimodzi chimene chinapambana tizikumbukiranso mazana aja amene anaoneka bwino poyamba n'kugwera m'njira. Palibe amene akanadziwiratu chopambana popanda kuyesa pa odwala, ndipo curcumin mayeso amenewo sanawakhozebe.

Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri chili m'tchire mwathu momwemu. M'nyengo ya dzinja mumamera duwa loyanga, lofiira ndi chikasu ngati malawi a moto, limene a sayansi amalitcha Gloriosa superba ndipo ndi duwa la dziko la Zimbabwe. Muli chinthu chotchedwa colchicine, chimenenso chimapezeka m'duwa lina la ku Ulaya. Ameneyu ndiye mankhwala enieni ochokera ku chomera ogwira pa asilikali a m'thupi: amamanga miyendo gulu la maselo otchedwa neutrophil kuti asathamangire pa mfundo ya mafupa, n'chifukwa chake madokotala akhala akumugwiritsa ntchito pa gauti, nthenda yotupitsa mfundo za mafupa, kwa zaka mazana. Anamuyesanso pa odwala mtima 5,522 ku Australia ndi Netherlands, theka akumwa theka la miligalamu patsiku, enawo akumwa mbulu wopanda mankhwala. Zotsatira zinatuluka mu 2020: mwa omwa colchicine, 6.8 pa 100 anagwidwa ndi mavuto aakulu a mtima ndi mitsempha, pamene mwa enawo anali 9.6 pa 100. Mu 2023 dziko la America linamuvomereza pa ntchito imeneyi. Koma munthu akakumba muzu wa duwa lija n'kudya akhoza kufa, ndipo anthu afa nawo m'maiko angapo atauyesa chilazi kapena mbatata. Chimene chikusiyanitsa mankhwala ndi poizoni apa ndi theka la miligalamu loyezedwa bwino, ndipo chimene chikutipatsa chidaliro ndi anthu 5,522 aja.

Mfundo yachiwiri ya anzanga ndi yakuti curcumin nayenso anayesedwa pa anthu ndipo ena anapeza bwino. Apa ndiyenera kuvomera zimene zilipo. Ku Tasmania mu 2020 anayesa anthu 70 odwala nyamakazi ya m'mawondo kwa milungu 12, ndipo amene ankamwa makapusozi a tameriki ananena kuti ululu unachepa pang'ono kuposa anzawo. Ku Japan mu 2006, mwa odwala 89 a matenda otupitsa matumbo aakulu, amene anawonjezera curcumin pa mankhwala awo anayambiranso kudwala ochepa kusiyana ndi enawo m'miyezi 6. Zimenezi n'zolimbikitsa kuti afufuze zambiri. Komabe tiziwerenge mpaka kumapeto. A ku Tasmania aja anajambulanso mawondo ndi makina a MRI, ndipo kutupa kwa mkati mwa bondo sikunasinthe. Chinthu chenicheni chimene wogulitsa akulonjeza, kuchotsa kutupa, ndi chimene sichinaoneke. A ku Japan nawo sanasiye mankhwala awo a kuchipatala, ndipo matenda awo anali m'matumbo, malo okhawo amene curcumin amafikako wambiri poti salowa bwino m'magazi. Kuchoka pa anthu 70 ndi 89 kufika pa kulonjeza kuti botolo limodzi lithetsa shuga, BP, khansa ndi kusabereka, ndi kulumpha mtsinje wosefukira ndi mwendo umodzi.

Ena amati: chabwino, mwina sathandiza kwenikweni, koma n'zachilengedwe, ku India amadya tsiku lililonse, ndiye choopsa n'chiyani? Pa tameriki wa m'ndiwo ndilibe naye mlandu. Thirani mu mpunga, mu nyama, mu nsomba. Koma kapusozi si ndiwo. Opanga makapusozi amadziwa bwino kuti curcumin salowa wambiri m'magazi, choncho ambiri amasakanizamo piperine, chinthu chochokera ku tsabola wakuda. Mu 1998 ofufuza a ku Bangalore anaonetsa kuti mamiligalamu 20 okha a piperine amachulukitsa curcumin wolowa m'magazi pafupifupi ka 20. Amachita zimenezi posokoneza ntchito ya matumbo ndi chiwindi yochotsa zinthu zachilendo, ndipo ntchito yomweyo ndi imene imayendetsa mankhwala ena ambiri m'thupi. Mu 2019 akuluakulu a zaumoyo ku Italy analandira malipoti a anthu oposa 20 amene chiwindi chinatupa atamwa makapusozi a tameriki. Mu 2022 madokotala a ku America anafotokoza za anthu 10 otere, ndipo mmodzi anamwalira. Mu 2023 bungwe loona za mankhwala ku Australia linachenjeza anthu ake za vuto lomweli. Si ambiri poyerekeza ndi omwa, koma taganizani za kwathu kuno, kumene anthu ochuluka ali pa ma ARV ndi mankhwala a TB amene ena mwa iwo amalemetsa kale chiwindi. N'zomvetsa chisoni kuti munthu agule ufa wachikasu pofuna moyo n'kuthera ndi maso achikasu. Ndipo ufa wosayezedwa uli ndi zakezake: ku Bangladesh ofufuza a ku yunivesite ya Stanford anapeza mu 2019 kuti ena ankathira utoto wokhala ndi mtovu mu tameriki kuti aziwala pamsika.

Pali funso limene ndimalakalaka wolengeza wina atafunsidwa pa wayilesi pomwepo. Botolo lomwelo amati limakweza chitetezo cha m'thupi, kenako mpweya womwewo amati limachepetsa kutupa. Koma kutupa ndi chitetezo chimene chili pa ntchito. Chilonda chikatupa n'kutentha, ndiye kuti asilikali afika. Kutupa kumakhala mdani pokhapokha kukapitirira muyeso kapena kukatembenukira thupi lomwe, monga zimakhalira pa nyamakazi ina. Mankhwala amphamvu amene amatseka TNF, monga infliximab ndi adalimumab, amathandizadi odwala otere, koma dokotala asanawapereke amayamba wayeza TB, chifukwa kachilombo ka TB kamabisala mkati mwa macrophage momwemo ndipo TNF ndi imodzi mwa zingwe zimene zimakamanga kuti kasadzuke. Ukamasula chingwecho TB imabuka. Ndiye wogulitsa asankhe chimodzi. Ngati kapusozi wake amatontholetsadi asilikali a m'thupi mwamphamvu ngati m'mene zimaonekera m'mbale, sayenera kugulitsidwa m'basi m'dziko lokhala ndi TB yochuluka chonchi. Ngati satero, ndiye azakhali anga alipira ndalama zawo pogula chiyani?

Mfundo imene imandigwira mtima kwambiri ndi yomaliza. Anthu amati: inu mukulankhula ngati kuchipatala kuli zonse. Munthu amakhala pamzere kuyambira m'bandakucha n'kuuzidwa kuti mankhwala atha, mukagule. Amene amapezeka, monga bulufeni ndi indosidi, ukamwa nthawi yaitali amaboola m'mimba ndi kuwononga impso. Nanga wosauka alowere kuti? Ndipo kodi kunyoza zitsamba si matenda aja a kuona chilichonse chathu ngati chachabe? Dandaulo limeneli ndi loona ndipo sindingalipeputse. Bulufeni amavulazadi, ndipo timadziwa zimenezi chifukwa anayesedwa n'kulembedwa pa kapepala ka m'bokosi, pamene botolo la m'basi limangolonjeza zabwino zokhazokha. Koma tisanamizane kuti apa tikuteteza nzeru za makolo. Tameriki kwawo ndi ku India ndi maiko oyandikana nawo, makapusozi ambiri amapangidwa m'mafakitale akunja, ndipo mtengo wa botolo limodzi umaposa ndalama zimene azakhali anga amagwiritsa ntchito pa ndiwo sabata yathunthu. Wosauka ndi amene sayenera kugulitsidwa chiyembekezo chosayezedwa, chifukwa ndalama imeneyo ndi ya mchere ndi sopo.

Chinanso chimene chimatayika ndi nthawi. Bondo lotupa likhoza kukhala la ukalamba chabe, koma likhozanso kukhala gauti, mafinya m'kati mwa mfundo, TB ya m'mafupa, kapena nyamakazi imene imapinda zala ikachedwa kugwidwa. Chilichonse mwa izi chili ndi chithandizo chakechake, ndipo miyezi itatu yodikira kuti botolo ligwire ntchito ikhoza kusiya munthu wolumala. Amene anali akuluakulu mu 1995 akukumbukira m'mene magalimoto ankadzazira kupita ku Machinga kwa Billy Chisupe kukamwa mchape, mankhwala amene ankati amachiritsa Edzi. Anthu aja sanali opusa. Anali ndi mantha, ndipo kuchipatala kunalibe chowapatsa. Koma chimene chinadzachepetsa maliro m'midzi mwathu ndi ma ARV aulere amene anayamba kufalikira mu 2004. Kusiyana kwa nthawi imeneyo ndi lero n'kwakuti wogulitsa wa lero wavala jekete loyera ndipo ali ndi pepala la Chingerezi m'manja.

Choncho chimene ndikupempha si kuzula zitsamba kapena kuthamangitsa asing'anga. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority lili ndi udindo woyang'anira mankhwala m'dziko muno, ndipo ndikuona kuti lamulo likhale lomveka kwa aliyense: ukafuna kugulitsa tameriki ngati chokometsera ndiwo, gulitsa, ukafuna kunena kuti amachiritsa matenda, bweretsa umboni wa pa anthu, uonetse zimene zili m'botolo, ulembe ndi zoopsa zake. Nyumba zoulutsa mawu nazo zisamalandire ndalama ya chilengezo cholonjeza kuchiritsa popanda kuona chilolezo. Ndipo ngati timakondadi zomera zathu, tiziwononge ndalama pozifufuza moyenera. Nimu, chammwamba ndi mvunguti zili ndi mapepala awo a m'mbale onena zofanana ndi za curcumin, ndipo zikudikira wina woti azitengere patsogolo. Tili ndi asayansi ku Kamuzu University of Health Sciences ndi ku Malawi-Liverpool-Wellcome Programme ku Blantyre amene amadziwa kuyendetsa mayeso a pa anthu ovomerezeka padziko lonse. Mwina mwa zomera makumi asanu chimodzi chidzakhala colchicine wathu, ndipo zinazo tidzazibwezera ku mphika ndi ku mthunzi. Pakadali pano, munthu akakutumizirani pepala pa foni, funso loyamba likhale lakuti anayesa pa chiyani: pa maselo a m'mbale, pa mbewa, kapena pa anthu? Akati pa anthu, funsani kuti angati, ndipo anawayerekeza ndi ndani. Mapepala ambiri amene ndalandira amagwa pa funso loyamba lomwelo.

Azakhali anabwerera kuchipatala mwezi watha, atakokedwa ndi mwana wawo wamkazi osati ndi mfundo zangazi. Anawajambula bondo, anawauza kuti ndi nyamakazi ya kutha kwa mafupa, anawapatsa mankhwala opaka ndi kuwaphunzitsa timasewera tolimbitsa ntchafu. Mpaka lero amaumirira kuti sabata yoyamba ya makapusozi bondo linapepuka, ndipo sindilimbana nawo, poti ululu wa nyamakazi umabwera ndi kupita ngati mlendo wa pafupi, ndipo munthu amagula mankhwala tsiku limene wawawidwa kwambiri, kotero kuti masiku otsatira amaoneka abwinoko ngakhale atamwa madzi okha. Botolo lachiwiri likadali pa shelefu losatsegula. Lamulungu lapitali anandiphikira mpunga wachikasu ndi nkhuku, ndipo pondigawira anati, "Idya mwanawe, uyu ndi wa m'mbale yanga, osati ya anzako a ku labu."